Kope la Malemu

Mayi Rukeya anasiya kope
lachikuto chobiriwira, lonona m'makona.
Bambo Dawjee anandipatsa ndi manja awiri
patatha sabata zitatu chiikireni maliro.
"Twaibu, usachotsepo, usawonjezepo.
Uphike monga analembera."

Ndinati chabwino bwana.
Munthu amene chiphaso chake chinatha masiku
satsutsana ndi pepala.

Tsamba lakhumi ndi chinayi, mpunga wa nyama ya nkhosa:
makapu atatu a mpunga, anyezi awiri,
mchere sipuni imodzi,
mphindi makumi awiri pa moto wochepa.
Kapu yake iti? M'kabati muli makapu asanu ndi anayi,
ina yothyoka chogwirira, ina ya alendo okha.
Anyezi wa ku Fordsburg ndi chibakera,
wa amayi a pa Bree ndi dzira la nkhunda.
Kope lili duu.

Ndinamvera. Lachisanu loyamba
ndinayeza ngati wogawa mankhwala kuchipatala,
diso pa wotchi, lilime nditalimanga.
Mpunga unatuluka wolimba pakati
ngati mchenga wa milu ya kumigodi.
Bambo anatafuna, anameza, anathokoza,
nasiya theka m'mbale.

Usiku ndinaona mkati mwa chikuto:
Durban, ndi chaka chimene ine ndinali ndisanabadwe.
Analemba ali mtsikana, kunsi, m'mphepete mwa madzi amchere,
kumene madzi amawira atatenthadi.
Kuno ku Joni tili pamwamba,
madzi amathamangira kubwata
ngati munthu woyankha asanamve funso.
Zaka makumi anayi anaphika muno mu Mayfair
akuwonjezera mphindi, kope osaliuza.

Ine ndinkawaona ndikukwecha mapoto.
Dzanja linkazembera ku ndimu, n'kupala khungu lake,
katsabola kakawisi n'kukang'amba ndi chikhadabo,
kuvundukula, kununkhiza,
kung'ung'udza, kuvundikiranso.
Patsamba zimenezi palibe.
Kaya anaiwala, kaya anabisa dala
kuti mlamu wawo wa ku Lenasia
aziphika n'kumadabwa chimene chasowa.

Tsono ndimvere uti,
mtsikana amene analemba
kapena mayi amene ndinamuona?
Onse awiri agona m'manda amodzi ku Westpark.

Lachisanu lachiwiri magetsi anazima, Juni akuluma zala.
Ndinayatsa gasi, nyali ya foni ili pakamwa.
Kope ndinalitsegula, n'kulitsamiritsa ku botolo la mafuta
kuti wolowa aone kuti ndikuwerenga.
Kuseri kwake ndinapala ndimu.
Wotchi itakwana ndinaisiya ipitirire,
mphuno ndiyo inandiuza kuti phula.

Bambo anadya osayankhula.
Anapempha wina. Anavula magalasi,
n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsalu ya patebulo.
"Waonatu? Ukatsata zolembedwa, zimatheka."

Ndinati inde bwana.
Bodza limenelo ndinapita nalo kukachipinda kanga kuseri,
linagona kukhoma, ine kumphepete.
Ndawabwezera akazi awo m'mbale,
ndawamana choona.
Sindidziwa sikelo yoyezera ziwirizi.

Tsopano mwana wawo Sumaya wabwera kuchokera ku Kepi.
Akufuna kujambula masamba onse pafoni
kuti ana ake adzadye za agogo awo.
Pensulo ili pakhutu langa chiyambire m'mawa.
Ndikalemba m'mphepete ndi dzanja langa la Sitandade sikisi,
ndalowa m'nyumba ya malemu osaodira,
ndipo bambo adziwa kuti kope linaperewera.
Ndikapanda kulemba, ndimu idzakwera nane basi
tsiku limene apolisi adzandifunse pepala
n'kusakhutira ndi ya kokakola.

Pensulo ndaibweza m'dirowa.
Ndamuuza Sumaya abwere Lachisanu, iwo ali ku mzikiti,
foni aisiye pabalaza,
apinde manja a malaya, ayambe ndi anyezi.
Wafunsa kuti angati.
Ndati tiwaone kaye.